Ngalande ya ku Mgona

Ophunzira uinjiniya a chaka chachiwiri ankasinza m'kalasi ya a Mbendera, ena n'kumaseweretsa mafoni kunsi kwa desiki. Tsiku lina mphunzitsiyo anatopa nazo.

"Mafoni anuwo tiwapatse ntchito," anatero. "Aliyense akajambule vidiyo ya ngalande kapena mlatho woonongeka kumene amakhala. Tidzaonera limodzi."

Kalasi yonse inachangamuka, kupatula Zipora. Kuyambira chaka choyamba ankauza anzake kuti amakhala ku Area 47, pomwe kwawo kunali ku Mgona, kumene mayi ake ankagulitsa makala.

Anajambulabe ngalande ya kuseri kwa nyumba yawo, imene inkasefukira dzinja lililonse. Koma anaiwala kuchotsa mawu. Vidiyo ili mkati, kalasi yonse inamva: "Zipora, ukatha udzanditule thumbali!" M'vidiyomo munadutsa mayi atasenza makala, thukuta lili kamukamu.

"Amenewo ndani?" anafunsa Favour, mnzake wa pa desiki.

"Aneba a azakhali anga," anayankha Zipora msangamsanga. "Ndinangopita kukacheza."

A Mbendera anaikonda vidiyoyo kuposa zonse. Analamula kuti Loweruka kalasi yonse ipite kukayeza ngalandeyo ndi kupeza njira yoikonzera.

Kunyumba Zipora anangoti, "Anzanga akusukulu abwera." Zinazo zinamukanika pakamwa. Mayi ake anasangalala. Anasesa bwalo, anabwereka mabenchi kutchalitchi, n'kuvala chitenje chawo chatsopano.

Minibasi ya ophunzira itafika, mayiwo ndiwo anayamba kulonjera alendo, aliyense ndi manja awiri.

"Zikomo amayi," anatero Favour mwaulemu. "Paja ndinu aneba a azakhali ake a Zipora eti? Tinakuonani pa vidiyo."

Mayiwo anatembenuka n'kuyang'ana mwana wawo. Zipora anazyolika, maso ali pa tepi yoyezera imene inali m'manja mwake.

"Eya," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Ndine neba. Khalani pa benchipo, ana anga."

Anyamata analowa m'ngalande, akuseka, akujambula, akukangana za kutsetsereka kwa madzi. A Mbendera anali asanawaonepo akulimbikira chonchi. Zipora anagwira nsonga ya tepi mmawa wonse, ndipo manambala amene anawerenga analakwika kawiri.

Anzake atakwera minibasi, iye ananamizira kuti akufuna kutsanzika azakhali. Anapeza mayi ake atavula kale chitenje chija, akulongedza makala m'timajumbo. Anaima pakhomo.

"Amayi..."

Mayiwo sanadzutse mutu.

"Mabenchiwo akufunika kutchalitchi mawa," anatero. "Gwira mbali inayo, tikabweze."