Mitsuko Inayi M'boti la Noboru

Chizuru atangoliona botilo pagombe, mtima wake unagwa. Linali lapulasitiki, lalifupi ngati bafa, ndipo kainjini kake munthu akanatha kukanyamula kukhwapa. Koma mlongo wake wamng'ono, Noboru, bambo wa imvi kale, ankalisisita ngati wagula chinthu chanzeru.

"Achemwali, limeneli silifuna laisensi," anatero Noboru. "Likangochepera mamita atatu, aliyense amayendetsa. Komanso kutchipa kwake, simungakhulupirire."

"Ndiye sunafunse chifukwa chake likutchipa?"

"Inu mumangoona zoipa basi. Kwerani."

Anakwera poti njira ina panalibe. Sitima yopita kuchilumba chakwawo inasiya kuyenda anthu atatha kusamuka, ndipo wansembe wapakachisi anawauza kuti akachotse mafupa a makolo awo manda asanamizidwe ndi tchire. M'mandamo munali mitsuko inayi yosungiramo mafupa otenthedwa: wa agogo aamuna, wa agogo aakazi, wa bambo ndi wa mayi.

Chizuru ankapitira mtsuko wa mayiwo. Mayi ake anakhala zaka makumi atatu pansi pa apongozi awo, agogo aakazi aja, kudya pomaliza, kusamba madzi ozizira otsala, osayankha ngakhale kamodzi. Ali pafupi kutsirizika anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Mukadzasamutsa manda, ine mudzandiike pandekha. Apongozi ndakhala nawo kokwanira." Malo a iwo okha Chizuru anali atawakonza kale paphiri kumtunda, mumzinda wa Onomichi.

Popita zinayenda bwino, mpaka Noboru anaimba nyimbo. Pobwerera, mitsuko ili pakati pa miyendo yawo, boti linatsika kwambiri moti madzi anatsala zala zinayi kuti alowe. Atafika pakati, nyanja inali itatembenuka, madzi akuthamangira kumene iwo ankachokera. Kainjini kanalira mpaka kusasa mawu, koma mtengo wa paini umene ankauona pagombe kumanja kwawo sunasunthe. Anali ataima pamodzimodzi.

"Wonjezera moto, iwe!"

"Ndi pomaliza pamenepa, achemwali."

"Pomaliza? Lumo lamagetsi lometera la amuna anga lili ndi mphamvu kuposa ichi!"

Kenako kunadutsa sitima yaikulu ya katundu. Inadutsa patali, mwina sinawaone n'komwe, koma mafunde ake anawapeza. Loyamba linawatukula. Lachiwiri linalowa lonse m'boti. Mitsuko ya bambo ndi agogo aamuna Noboru anaipanikiza ndi mapazi, koma iwiri inayo inagubuduka, zivindikiro n'kuchoka. Chizuru anaona ndi maso ake mafupa a mayi ndi a agogo aakazi akukhuthukira m'madzi amodzi, n'kumayenda uku ndi uku pansi pa boti.

Anagwada n'kuyamba kutola. Onse anali oyera mofanana, onse opepuka mofanana. Ankanyamula kafupa kamodzi, kukayang'ana, kukabweza, kunyamula kena.

"Kapani madzi!" Noboru anakuwa. "Ine sindingasiye injini, tipita chammbali!"

"Ndikape ndi chiyani? Chokapira chili kuti?"

"Amagulitsa padera!"

"Iwe Noboru, Mulungu akuone."

"Tukwanani kumtunda, achemwali, chonde! Tikumira!"

Madzi anali atafika m'akakolo, ndipo boti linkapendama lokha ngati woledzera. Chizuru anachita mantha enieni. Sankadziwa kusambira, ndipo Noboru, mwana wapachilumba wochititsa manyazi, sankadziwanso. Anayesa kusefa madzi ndi zala kuti mafupa atsale, koma funde lina laling'ono linawonjezera pamwamba.

Anatenga mtsuko wopanda kanthu, umene unali ndi dzina la mayi ake, n'kuumiza pansi. Unadzaza madzi ndi zonse zinali m'madzimo. Anatseka maso n'kukhuthulira m'nyanja.

"Pepani amayi," anatero. Anatunganso. "Pepani." Anapitiriza choncho, akulira mokweza ngati mwana, mpaka manja anachita dzanzi ndipo pansi pa boti panayamba kuoneka.

Asodzi ena ndi amene anawakoka ndi chingwe mpaka kugombe, akupukusa mitu. Noboru anatuluka osayang'ana munthu kumaso. Chizuru anatsala m'boti akufufuza m'ngodya zonse, ndipo pansi pa mpando anapeza kafupa kamodzi, kochepa ngati chikhadabo. Anakapukuta ndi malaya ake.

Noboru anayandikira, mawu ali pansi. "Ndi ka ndani, achemwali?"

Chizuru anakatembenuza padzanja, n'kukatembenuzanso.

"Sindikudziwa," anatero.