Beseni la a Rosebell

Chimwalirireni akazi awo, a Alufandika ankakhala okha ku Chikanda. Eni ploti yoyandikana atamanga hositelo ya ana asukulu, zenera lawo linaphimbika. Dzuwa likangobisala kuseri kwa phiri, m'nyumba munkada ngati m'nkhokwe.

Mwana wawo Perpetua anaimba foni ali ku Lilongwe. "Bambo, mwezi wathawu munasokoneza mapiritsi a shuga ndi a mtima. Loweruka ndikubwera. Mukalephera kuwerenga pabotolo, mulongedze, tibwerera limodzi."

"Maso anga alibe mlandu, mayi. Ndi babuli."

Sankanama kwenikweni. Kwa zaka makumi atatu ankaika magetsi m'makalasi, ndipo ankadziwa kuti babu lawo la sola silinali lofooka. Kuwala kwake kunkangothera kudenga, pamalata akuda ndi mwaye. Anatenga beseni la aluminiyamu la malemu akazi awo, a Rosebell, lomwe sanalikhudze chichitikireni maliro, naliboola pakati. Analikwecha ndi phulusa mpaka kudzionamo nkhope. Atalivundikira pababu, patebulo panagwa kadontho kothobwa m'maso, m'mbali monse mdima. Zilembo zinkangovina.

Sanafulumire kulitaya. Analiyang'ana tsiku lonse, opanda wofunsana naye. M'mawa mwake analikanda ndi mchenga kuti lichepe kunyezimira. Kenako ndi kawaya ankakweza ndi kutsitsa babu m'kati mwa besenimo, pang'onopang'ono, mpaka kuwala kunayala tebulo lonse mofanana. Khoma analipaka laimu.

Loweruka masana Perpetua anaima pakhomo, maso kudenga.

"Aa, bambo! Beseni la amayi mwalipachika? Anthu aziti chiyani?"

"Anthu ake ati? Amabwera ndani kuno? Patse botololo."

Anawerenga dzina la mankhwala, nthawi yomwera, ngakhale timalemba ta pansi tonena tsiku lothera mphamvu. Perpetua anawapatsa lachiwiri, nawayang'anitsitsa, poganiza kuti mwina loyambalo anangoloweza pamtima. Sanaphonye.

"Basi, mwapambana, a injiniya," anatero akuseka, koma maso ali ofiira. Anawakonzera tiyi, nathamangira minibasi.

A Alufandika anatsala m'nyumba yawo, monga ankafunira. Kuseri kwa khoma ana asukulu ankaseka zawo. Kuwala kuja kunkafika mpaka pampando wachiwiri, wa a Rosebell, ndipo anaona fumbi lomwe mdima unawabisira zaka ziwiri. Anatenga kansanza, naupukuta bwinobwino, nabwerera kukakhala pa wawo.