Holo ya Mipando Mazana Atatu

Adokotala a sayansi analimbana ndi akuluakulu a pakoleji zaka zitatu kuti awapatse holo yaikulu. Ankati munthu wa madigiri atatu sangamaphunzitsire m'kachipinda koyandikana ndi chimbudzi, momwe ophunzira awo asanu ndi awiri ankakhala mothithikana, mawondo akugundana, n'kumawadula mawu ndi mafunso.

Holo inapezeka. Lolemba Adokotala anavala tayi yofiira.

Ophunzira atalowa anamwazikana ngati nkhuku zozitsegulira khola: wina pakona, wina pazenera, awiri kumipando ya kumwamba kwenikweni kosaoneka nkhope.

Phunziro linali la mpweya. "Mukaupatsa malo aakulu, mpweya umafalikira wokha," anatero Adokotala pa maikolofoni. "Chipwirikiti chake, chomwe timachitcha entirope, chimakula, ndipo subwereranso wokha m'botolo. Koma samalani. Tinthu ta mpweya wa m'mabuku sitilabadirana. Ta mpweya weniweni timakokana, n'chifukwa chake tikatalikirana mpweyawo umazizira. Funso?"

Adokotala anamwaza maso m'holo monse.

"Tasenderani kutsogolo kuno, ana inu."

Anasendera. Lachitatu anabwerera m'makona mwawo. Pofika sabata yachitatu, anayi anali atasiya kubwera, poti kujomba m'holo sikuchititsa manyazi ngati kujomba m'kachipinda.

Adokotala anapita kwa mayi wogawa zipinda.

"Mayi, kachipinda kaja..."

"Kati? Kaja munalemba kuti n'konyozetsa maphunziro anu?" Mayiyo anatsegula kabati. "Makalata anu ndi awa, khumi ndi anayi. Ndikuwerengereni?"

"Ayi, ndimangofunsa."

"Tinalongamo mipando yothyoka. Kiyi ali ndi kalipentala, kalipentalayo ali patchuthi. Kodi holo yachepa, bwana?"

"Ayi, ikukwana."

Lachisanu kunagwa mvula, ndipo kunabwera mtsikana mmodzi yekha, amene kale ankatsutsa chilichonse chomwe Adokotala anena. Anakakhala mzere womaliza. Adokotala analemba mutu wa phunziro pabolodi, n'kucheuka, n'kuona kamutu kake kutali uko. Anazimitsa maikolofoni, natenga buku, nakwera masitepe onse makumi anayi, atagwira bondo, akupumira m'mwamba. Anakhala pampando woyandikana naye.

"Lero tiphunzirira pano, mwanawe. Ukaona polakwika, unene."

Mtsikanayo anali woleredwa bwino. Ananyamula chikwama chake, nasendera mipando itatu kuti Adokotala akhale momasuka.