Maondo a Sungeni

Lorna ankaphunzitsa giredi 2 pa sukulu ina ya kampani ku South B, mumzinda wa Nairobi. Ubwino wake unalipo ndithu: malipiro sankachedwa, ndipo mwana wake Sungeni ankaphunzira ulere m'kalasi mwake momwemo. Kuipa kwake, mawu onse a phunziro ankachokera ku likulu pa tabuleti. Mphunzitsi ankangowerenga basi. Ngakhale poti "ombani m'manja" pankakhala polembedwa kale.

Tsiku lina kunabwera azungu othandiza sukuluyo. Ahedi, Mayi Wanjala, anasankha Sungeni kuti apereke maluwa, ati ndi mwana waukhondo. Atafika pamaso pa mayi wachizungu, Sungeni anagwada pafumbi n'kupereka maluwawo ndi manja awiri, maso ali pansi, monga amayi ake anamuphunzitsira akadali ku Zomba.

Lorna anamva kukoma mumtima. Koma mlendo uja anabwerera m'mbuyo.

"Kani ana mumawagwaditsa pano?" anafunsa. Mnzake n'kuti atajambula kale.

Pasukulupo kugwaditsa mwana chinali chilango choletsedwa, chochotsetsa munthu ntchito. Alendo atangonyamuka, Lorna anaitanidwa ku ofesi.

"Kwathu ndi ulemu umenewo, mayi," anatero Lorna. "Palibe wamulanga."

"Mwalimu, kwanuko sukulu ziliko, mukhoza kupita naye," anayankha ahedi. "A ku likulu akufuna dzina la mphunzitsi wogwaditsa ana. Ndipereke lanu?"

Lorna anaganiza za amuna ake, a Vitus, omwe ntchito yawo ya udalaivala ku bungwe inali itatha. Anaganiza za Sungeni akungokhala pakhomo anzake ali kusukulu. Anangozindikira maondo ake agunda simenti.

Ahedi anaseka, n'kuitana sekilitale. "Tabwera udzaone kumene mwana uja anatengera matenda." Kenako anati, "Dzukani. Mawa pa tabuleti padzakhala phunziro lapadera. Mudzawerenge lonse, osadumpha liwu. Ine ndidzajambula, titumize kwa alendo."

M'mawa mwake ahedi anaima kumbuyo kwa kalasi, foni m'manja. Lorna anayamba kuwerenga.

"Sungeni, bwera kutsogolo. Tionetse mmene unachitira dzulo."

Sungeni anagwada akumwetulira, poyesa kuti amayi ake akufuna kumuyamikira pamaso pa anzake.

"Ana inu, zimenezi n'zabwino kapena n'zoipa?"

"N'zoipa!"

Lorna anaona mzere wotsatira. Anasuzumira kumbuyo, foni inali ikumuloza. Anawerenga.

"Amene anamuphunzitsa zimenezi ndi mbuli. Tonse tinene."

Ana ananena, Sungeni akadali chigwadire.

"Ombani m'manja."

Anaomba, ena akugwadirana pansi pa madesiki uku akuseka.

M'minibasi, zija amati matatu kumeneko, pobwerera kunyumba ku Lang'ata, Lorna anafuna kumugwira dzanja, koma mwanayo analibisa m'thumba la yunifolomu.

Madzulo a Vitus, omwe sanauzidwe kalikonse, anapempha madzi akumwa. Sungeni anabwera ndi kapu, n'kuipereka ali chiimire, ndi dzanja limodzi.

"Iwe, ulemu wausiya kuti?" anakalipa bambo ake. "Nairobi wakulowa m'mutu eti? Amako sakuphunzitsa?"

Maondo a Sungeni anapindika pang'ono n'kuima pakati, osafika pansi, osawongoka. Madzi anayamba kutayikira pa zala zake. Anayang'ana amayi ake.

Lorna anali atawerama pakona, akutchaja tabuleti ya phunziro la mawa. Sanadzutse mutu.