Tsitsani Pang'ono, Malume

Kondakitala wa basi ya ku Thiruvaiyaru anandiyang'ana ine, kenaka anayang'ana tambura, choimbira changa cha nsambo, imene ndinaikhazika pampando wa pawindo itakulungidwa m'sari yachikasu.

"Ayya, amayiwa alipira kapena akwera ulere?"

"Dula matikiti awiri," ndinatero. "Ndipo umuuze dalaivala wakoyo kuti maenje a mumsewu sanamulakwire."

"Chaka chatha munadula atatu."

Anayang'ananso sari ija, nandipatsa matikiti mwakachetechete, n'kupita kukavutitsa ena kumbuyo.

Sariyo inali ya mkazi wanga Kanakam, amene anamwalira nyengo ya mvula. Iye ndiye anali woimba. Ine ndinali kalaliki wa ku njanji, ndipo mawu anga ndi a chitseko chadzimbiri. Ngakhale m'bafa sindiimba, kuopa kukhumudwitsa aneba. Ntchito yanga, kuyambira pamene tinakwatirana, inali kukhala kumbuyo kwa phewa lake n'kumamulizira tambura. Anthu amaipeputsa ntchito imeneyi. Nsambo zinayi zokha, chala n'kumangoyenda, imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, n'kubwereza, popanda nyimbo iliyonse. Koma kulira kumeneko ndiye pansi pamene woimba amapondapo. Woimba aliyense ali ndi suruti yake, malo amene mawu ake amakhazikika, ndipo nsambo zimakungidwa kutsata malo amenewo.

Kanakam atakalamba, mawu ake anatsika n'kukakhala pamalo amene palibe limba ili nawo, pakati pa mabatani awiri. Choncho m'mawa uliwonse, akuwiritsa mkaka wa khofi, ankang'ung'udza kukhitchini, ine pabalaza n'kumapotoza zichiri mpaka nsambo zitagwirizana naye. Ndinatero mpaka m'mawa umene anang'ung'udza komaliza, ndipo kuchokera pamenepo sindinazisunthe. Musandiuze kuti nsambo zimakhwefuka zokha ndi kutentha, ndikudziwa. Tsiku lililonse ndinkakonza imodzi pomvera zinzake, osalola kuti zonse zichoke pamalo nthawi imodzi. Mwana wathu wa ku Bombay ali ndi kaseti ya amayi ake, koma woimba mmenemo ndi mtsikana wa mawu okwera amene ndinamuiwala kalekale. Kanakam amene ndinakalamba naye anatsala m'nsambo zinayi zimenezi basi.

Ku manda a Swami ku Thiruvaiyaru, woyera uja amene anapeka nyimbo za mulungu Rama, anthu amapitako kuchikondwerero mwezi wa Thai. Nthawi imeneyo oimba amadzaza mchenga wonse wa kumtsinje, a wailesi ndi zingwe zawo, azimayi golide mbuu, aliyense kuonetsetsa kuti waonedwa. Kanakam sankafuna n'kumva komwe.

"Inu, m'chiphokoso chimenecho Swami angamve ndani?" ankatero. "Tizipita akatsala okha."

Ndiye ife tinkapita mwezi wa Chithirai, dzuwa likuswa mtengo.

Ndinatsika basi, n'kuyenda kamsewu kopita kumtsinje tambura ili paphewa. Mtsinje wa Kaveri unali mchenga wokhawokha, kamadzi kakukwawa kutsidya ngati ulusi, njati ziwiri zitagona m'chithaphwi. Pabwalo panali maenje a mitengo ya chisakasa cha chikondwerero, odzaza masamba ouma. Ndinavula nsapato, miyala inandiotcha mapazi. M'kachisi wa pamandapo munali mozizira, mukununkha mafuta a nyali, ndipo wansembe, a Natesa Sastri, anali akuwodzera atatsamira chipilala.

"Ee, a ku Kumbakonam! Mwafika? Nanga amayi aja atsalira pati, akusambitsa mapazi?"

Ndinayamba kumasula sari ija pa tambura. Anayang'ana, nagwira pakamwa.

"Rama, Rama. Liti?"

"Mvula ija."

Anandipatsa madzi opatulika m'dzanja, nazunguliza nyali pamaso pa Swami motalikirapo kuposa masiku onse. Kenaka chidwi chinawapambana.

"Ndiye aimba ndani?"

"Palibe. Ndingoliza."

"Tambura yokha? Kumeneko n'kuyalira mlendo tsamba la nthochi popanda mpunga."

"Nyimbozo Swami anapeka okha. Akafuna adziimbira."

Ndinakhala pansi pamalo anga akale, kusiya mpata kutsogolo kwanga chakumanja, n'kuyamba. M'chipinda chamiyala tambura imalira mosiyana ndi kunyumba. Kulirako kunadzaza mpaka kudenga, ndipo nditatsinzina ndinamva ngati Kanakam wakoka mpweya, watsala pang'ono kuyamba. Zimenezi ndizo ndinadzera. Ndikanatha kukhala choncho mpaka dzuwa kulowa.

Mwadzidzidzi munthu anayamba kuimba kumbuyo kwanga.

Ndinayesa ndi Kanakam. Koma sanali iye. Mawu ake anali osasa, okwera movutika, ndipo pofika pokwera pa mzere woyamba anasweka ngati mphika. Ndinaleka kuliza n'kutembenuka. Anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga, wovala sari ya thonje, atakulunga kansalu m'khosi kutentha konseko. Ndinapsa mtima. Munthu sulowa m'tambura ya eni osaodira.

"Pepani, Malume," anatero akupinda manja. "Ndinamva kulira kwake ndili panja, ndinati Swami andikonzera. Tsitsani pang'ono chabe. Pang'ono. Yandikwerera."

"Siitsika."

"Kachidutswa kokha, Malume."

"Ndati siitsika, Amma. Iyi si basi yoti aliyense aziimitsa pamene wafuna."

Nkhope yake inagwa. Anatembenukira kwa a Natesa Sastri n'kufunsa ngati pali limba. Limba inalipo, koma inali yotsekeredwa m'chipinda, ndipo mwini kiyi anapita ku Madras ku ukwati. Mayiyo anaima kanthawi, kenaka anakhala pansi nayesa kuimba popanda kanthu. Ndisaname, zinali zomvetsa chisoni. Anayambira apa, pofika mzere wachiwiri ali kwina, wachitatu kwinanso, ngati munthu woyenda mumdima m'nyumba ya eni. Analeka yekha, nagwada, natuluka.

A Natesa Sastri anangondiyang'ana, n'kuyamba kutola maluwa ofota.

Ndinayesa kuliza kachiwiri koma Kanakam sanabwerenso. Ndinanyamula tambura n'kupita pa masitepe otsikira kumtsinje, pamthunzi, kuti ndidye. Mayi uja anali pomwepo, masitepe angapo kumunsi, akuyang'ana mchenga. Nditatsekula chitini ndinapeza kuti ndalongedza mpunga wa chambiko wa anthu awiri, ndi zidutswa ziwiri za ndimu wa tsabola. Manja sachedwa kuphunzira koma amachedwa kuiwala.

"Amma, bwera udye. Ndikautaya akhwangwala anenepa."

Anakana kawiri monga mwa mwambo, kachitatu anabwera. Dzina lake anali Thilaka, mphunzitsi wa ana aang'ono ku Pattukkottai. Anamasula kansalu kaja kuti adye, ndipo ndinaona chipsera chopingasa pakhosi. Anamuchita opaleshoni chaka chatha. Kwa miyezi ingapo sankatha ngakhale kuitana mwana wake. Ali chigonere m'chipatala analumbira kuti mawu akabwerera, nyimbo yoyamba adzaimbira Swami pamanda pawo, asanaimbire munthu aliyense.

"Abwerera, koma si anga aja," anatero. "Atsika. Sindikudziwa n'komwe pamene akhala. Kunyumba sindinauze munthu kuti ndabwera kuno. Akuganiza kuti ndili ku msonkhano wa aphunzitsi. Ndimaopa kuti andiperekeza n'kudzandimva."

"Udzabwerenso ndi limba yako."

"Ndayesa pa limba, Malume. Batani ili landikwerera, linzake landitsikira." Anaseka pang'ono. "Ndagwera pakati."

Kuti asaone ngati ndine nkhalamba youma mtima chabe, ndinamufotokozera za Kanakam, za mkaka wa m'mawa, za nsambo. Ndinkayembekeza kuti andinyengerera, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Koma iye anayang'ana tambura ija, nabweza dzanja lake limene linali pafupi nayo.

"Ayi, musaikhudze. Ndikanadziwa sindikanapempha. Swami adikira."

Anatsuka dzanja, namanganso kansalu kake, nanena kuti akadikire basi. Zimenezo ndiye zinandipweteka. Akanakangana nane ndikanamugonjetsa.

Ndinakumbukira tili achinyamata, tsiku lina nditakunga nsambo bwino kwambiri moti ndinkanyadira, koma Kanakam anali ndi chimfine. Ndinamuuza kuti akwere pang'ono afike pamene pali tambura. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti adule phazi lilingane ndi nsapato.

"Inu," anatero, "tambura imatsata munthu. Ikayamba kulamula, ndi nkhuni."

"Amma!" ndinaitana. "Tabwerera."

Ndinali ndi nzeru, kapena ndinkaganiza choncho. Nsambo ziwiri zapakati zimalira mofanana, ngati mapasa. Ndinati nditsitsa zitatu, imodzi ya mapasawo ndiisiya pa Kanakam, ndiziidumpha poliza. Thilaka akamaliza kuimba, zinzake zidzabwerera pomvera iyo. Tinalowa m'kachisi. Thilaka anakhala kutsogolo kwanga chakumanja popanda womuuza, nang'ung'udza mwamantha. Ndinapotoza chichiri choyamba, chachiwiri, chachitatu. Kunali kutsika kochepa kwambiri, koti munthu wamba sangamve n'komwe.

Anayamba. Mzere woyamba unayenda. Koma chala chimene chayenda imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi moyo wake wonse sichidziwa kudumpha. Chinakhudza nsambo ija. Kulira kwake kunakangana ndi zinzake, Thilaka anagwedezeka, nataya njira. Tinayambiranso. Ndinaluma mano, kuyang'anitsitsa chala ngati mwana wakuba, koma nyimbo itangokoma ndinaiwala, chinakhudzanso. Ngakhale a Natesa Sastri anakwinya nkhope.

Thilaka anatembenuka, misozi ili m'maso.

"Basi, Malume. Mwayesetsa. Zikomo."

Ndinayang'ana chichiri chotsalacho. Chinali chosalala, chakuda ndi thukuta la manja anga. Ndinaliza nsambo ija yokha kamodzi, ndinaimvera mpaka kulira kwake kutatheratu m'miyala. Kenaka ndinapotoza.

"Yamba," ndinatero.

Sindinganene kuti anaimba bwino. Mawu anali osasa, mpweya unkamuthera pakati pa mzere, pokwera ankazemba. Kanakam akanamudzudzula m'malo angapo. Koma anali ataponda pansi tsopano, ndipo sanagwe. Anaimba nyimbo yonse, yofunsa Rama kuti achedweranji kubwera, mpaka kumapeto. Atamaliza anagunditsa chipumi pansi nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. A Natesa Sastri anayatsanso nyali, namupatsa nthochi ndi maluwa.

Thilaka anandigwira mapazi. Ndinamudalitsa monga mwa mwambo, ndi kumuuza kuti asiye kunamiza a kunyumba kwake. Anaseka, napukuta m'maso, nathamangira basi yake. Sindinamufunse keyala, iyenso sanafunse yanga.

Tinatsala awiri ndi wansembe. Ndinagwira chichiri n'kukweza pang'ono, kufunafuna suruti ya Kanakam. Ndinamvera. Ndinakwezanso. Apa? Panamveka ngati pomwepo. Koma nditabweza pang'ono, pamenepo panamvekanso ngati pomwepo.

"Kwezaninso," anatero a Natesa Sastri. "Ine ndikuona ngati amayi aja ankayambira chapamwamba."

"Inu mumakhala mukuwodzera akamaimba."

"Ndimamva ndili m'tulo. Apo! Ayi, mwapitirira."

Tinavutika choncho mpaka mthunzi wa kachisi unafika pa masitepe. Khutu langa linatopa, malo onse anayamba kufanana. Munthu amene ndinamumva m'mawa uliwonse wa moyo wanga, sindinathe kumupeza pa kachidutswa ka nsambo kosakwana chikhadabo. Madzi akatayika saoleka. Pamene tinkawotcha mtembo wa Kanakam sindinalire, anthu mpaka ankandinena. Ndinalira pamenepo, pamaso pa Swami, tambura ili pamiyendo, wansembe akunamizira kukonza nyali.

Pomaliza ndinabwezera nsambo ija pa zinzake zitatu, chifukwa tambura siyenda yosagwirizana. Ndinaikulunga m'sari, ndinagwada, n'kutuluka. Njati zija zinali zitachoka. Pamchenga panalibe munthu.

M'mawa mwake ndinadzuka nthawi yanga. Ndinaika mkaka pamoto, n'kukakhala pabalaza. Ndinaliza, ndipo m'nyumba mwanga munalira suruti ya mphunzitsi wa ku Pattukkottai. Ndinagwira chichiri, n'kutchera khutu kukhitchini, kudikira. Ndinadikira mpaka ndinamva mkaka ukusefukira pamoto.