Udzu wa Patsinde

Mtengo wamoyo sugwira moto wamba, ngakhale mwana amadziwa zimenezi. Moto wa lupsa umangowaula masamba am'munsi n'kudutsa, chifukwa m'kati mwa mtengomo muli madzi. Mibawa yanga khumi ndi inayi, imene ndinadzala ndekha kuno ku Nkhulambe, inapirira moto wotere zaka zisanu ndi zinayi.

Amuna anga, a Tobias, ankaiyang'ana ndi diso la nkhuni. Ankafuna kuwotchera njerwa. Ndinakana, ndipo lamulo la komiti yathu ya zankhalango linali kumbali yanga: mtengo wauwisi sudulidwa, wouma wokha.

"Chabwino mayi, mitengo ndi yanu," anatero, osakwiya n'komwe.

Mu Juni ndinangoona bambo akuunjika udzu patsinde pa mtengo uliwonse. Amvekere n'kosunga chinyezi. Ine kupusa kwanga ndinawatenthetsera madzi osamba, n'kukawatamanso pamaso pa amayi anzanga kutchalitchi.

Mu Okutobala anthu osaka mbewa anayatsa tchire. Sindinade nkhawa, masamba anali akadaoneka obiriwira ndithu. Koma moto utafika pamibawa unakwera mpaka kunsonga, thethethe, ngati denga laudzu. Ndinangokhala pansi.

Kutacha kunabwera a Walter, mlangizi wa zankhalango wochokera kuboma. Anathyola kanthambi kamene moto sunakhudze, kanangoti thyo!

"Mayi Belita, nthambi yokhala ndi madzi imapindika, sithyoka chonchi. Mitengoyi inayamba kuuma moto usanabwere. Kubiriwira kwa masamba kumanamiza."

Anagwada n'kufukula phulusa patsinde. Khungwa linali losendedwa kuzungulira, ndipo bala lake linali lakuya mpaka pamtima pa mtengo. Wachiwiri chimodzimodzi. Yonse khumi ndi inayi. M'bala lililonse munali timizere tiwiri togundizana, chizindikiro cha chikwanje chobenthuka. Chikwanje chimenecho ndimachidziwa, chimagona kuseri kwa chitseko changa.

"Pali amene mukumuganizira?" anafunsa a Walter.

Ndinangotembenuka n'kulunjika kunyumba. Mtima unkandiwawa, osati chifukwa cha mitengo yokha, komanso madzi osamba aja.

Kunyumba ndinapeza a Tobias ali pakhonde, nkhwangwa ili pamiyendo. Yonoledwa bwino, mpini watsopano wouma, wosasemedwa dzulo kapena dzana.

"Pepani mayi, zangozi izi," anatero ndi nkhope yapamaliro. "Poti yafa kale, tingoidula, ingawole pachabe."

"Kaduleni," ndinatero. "Nanenso munandisenda kalekale. Mukuonazi ndi masamba chabe."