Indiketa ya Kumanja

Tsiku lomaliza kuwaona achimwene ake ali moyo, Koleji ndiye anali pachiwongolero, ndipo anali atakwiya.

Achimwenewo anali atangobwera kumene patchuthi kuchokera kunja, komwe ankayendetsa mathiraki kwa zaka zambiri. Anzawo ankawatcha aMalire, chifukwa panalibe malire a dziko amene sanawolokepo ndi katundu wa eni. Dzina loti Koleji nalonso linachokera kwa iwo omwewo, tsiku limene mphwawo anasankhidwa kukapitiriza maphunziro. Sukulu anaisiya panjira, koma dzina linakana kuchoka, ndipo tsopano linkamuthina ngati nsapato yobwereka.

M'mawa umenewo achimwene anamuponyera makiyi a kagalimoto kawo kofiira. Anati popeza mabuku wawakana, aphunzire chiwongolero, asamangotha tulo m'nyumba mwa mlamu wake. Injini inazima kangapo asanatuluke n'komwe pageti.

Iwo anakhala pambali, chigongono pawindo, pakamwa posatseka. Mayiko sankawatchula mayina ake enieni, anali ndi mayina awoawo. Kunali Dziko la Mahutala, komwe munthu amaliza hutala popereka moni, potukwana, ngakhale pongosungulumwa. Akuti kumeneko galimoto ikafa mabuleki imayendabe, koma ikafa hutala imagona pagalaja. Kunali Dziko la Aulemu, komwe ukangoponda m'mphepete mwa msewu magalimoto onse amaima, iwe n'kuwoloka chifukwa cha manyazi ngakhale kutsidyako ulibeko zochita. Kunali kwina komwe amayenda mbali inayo ya msewu, moti masiku oyamba iwo ankatsegula chitseko, kukhala pansi, n'kumafufuza chiwongolero chomwe chili kumpando wina. Kunalinso komwe lamulo ndi msinkhu basi: njinga imaopa minibasi, minibasi imaopa basi, basi imaopa thiraki, thiraki imaopa ng'ombe.

"Nanga kuno?" anafunsa Koleji, osati kuti ankafuna kudziwa, koma kuti apumeko.

"Kuno nonse mumayendetsa ngati mwaiwala mphika pamoto."

Atafika pamsewu waukulu anapeza lole ikukwawa kutsogolo kwawo. Achimwene anayamba kuyamikira dziko limene ankagwirako ntchito zaka zomalizirazi. Anati kumeneko madalaivala a mathiraki ali ngati ana a mayi mmodzi. Wakutsogolo ndiye maso ako: akaona kuti msewu wayera amakuphethirira indiketa ya kumanja kuti tuluka m'bale wanga, dutsa, ndipo iwe umamuthokoza ndi mahazadi, maindiketa onse kuphethira pamodzi. "Kumeneko sudutsa ndi maso ako, mphwanga. Umadutsa ndi maso a mnzako."

Koleji anangomva ndi khutu limodzi, chifukwa nthawi yomweyo achimwene anakhotera kunkhani ya sukulu. Anati munthu amene walephera kumvera aphunzitsi angamvere bwanji zikwangwani. Koleji anapatukira pasiteji ya basi, anazimitsa injini, nati apita wapansi. Achimwene anaseka, anasunthira pachiwongolero, ndipo ponyamuka anamuphethirira mahazadi. Iye sanakweze dzanja.

Chakumadzulo kwa tsiku lomwelo, pamtunda wina kunja kwa tauni, kagalimoto kofiira kanatuluka kuseri kwa thiraki ya simenti n'kukumana mphuno ndi mphuno ndi basi. A m'basi anapulumuka ndi mabala. Achimwene anafera pomwepo.

Apolisi ananena mawu ochepa okha: dalaivala wa thiraki anawachenjeza kuti asadutse, koma iwo anadutsabe. Mawu amenewa anthu anawatola pamaliro n'kuyamba kuwasenda. Ena anati anali atalawa. Amene ankawadziwa anakana, popeza aMalire sankayandikira botolo makiyi ali m'thumba. Ndiye ngati sanaledzere, munthu woti wazungulira mayiko osakandako ngakhale galasi angatulukire bwanji pamtunda atachenjezedwa? Apa mawu ankatsika. Ankati mwina panyumba panali moto. Mwina anachita dala.

Mlamu wake wa Koleji anazimva zonsezi. Ndipo panyumba motowo unalipodi. Masana a tsikulo, achimwene atabwerako kophunzitsa mphwawo, anauza akazi awo kuti abwereranso kunja tchuthi chikatha, ngakhale analonjeza kuti ulendo uno ndi womaliza. Mlamu anawayankha kuti akatuluka pakhomo pano asadzabwerenso. Achimwene anatenga makiyi n'kutuluka.

Kuyambira pamenepo mlamu anasiya kutuluka. Makatani a pabalaza sankatsegulidwa. Ntchito yawo inali kusita malaya a amuna awo, kuwapinda, mawa lake kuwafunyulula n'kuwasitanso, mpaka makolala anayamba kunyezimira. Koleji ankaona zibangili zikutsetserekera m'munsi mwa mkono wawo. Tsiku lina anawamva akudziuza okha, simbi ili m'manja, kuti ndinawatuma ndine. Anazindikira kuti akapanda kuwabweretsera yankho lina, m'nyumba muno mutulukanso bokosi lachiwiri.

Yankho lake iye anali nalo kale: wa thiraki uja ananama. Sanachenjeze munthu, anangodzitchinjiriza kwa apolisi chifukwa wakufa satsutsa. Chotsala chinali kumupeza, avomere ndi pakamwa pake.

Koleji anasowa pokhala. Mpando unkamutentha, bedi linkamulavula. Ankadzuka n'kuyenda, kuyenda basi, mpaka zidendene za nsapato zinadyeka mbali imodzi. Ankaima pamaloboti kuonerera anthu akudumpha getsi lofiira, minibasi zikuima pakati pa msewu kuti zitole munthu mmodzi, njinga zamoto zikulowa paliponse ngati madzi. Ankafuna kuwagwira pakhosi mmodzimmodzi n'kuwafunsa chifukwa chake iwo akupuma pomwe munthu wodziwa msewu ali m'dothi. Pena ankadzimva akulankhula ndi mawu a achimwene: awa akanakhala ku Dziko la Aulemu akanawalanda chiphaso lero lomwe, uyu kwawo ndi kwa a Mahutala, anangosochera. Akazindikira kuti akulankhula yekha ankaluma mlomo n'kuwonjezera liwiro.

Mayendedwe onsewa ankathera kudepoti ya mathiraki a simenti, kuseri kwa njanji, komwe fumbi loyera limakhala pansidze za aliyense. Alonda a pageti anamuthamangitsa mpaka anatopa naye. Amakaniko anayamba kumuseka kuti bwana inspekitala afika, bisani matayala akutha. Amayi ogulitsa tiyi pafupi ndi geti ndiwo anamumvera chisoni. Anamuuza kuti amene akumufunayo ndi aChipewa, mdala wosavula chipewa ngakhale m'tchalitchi, ndipo chichitikire ngozi ija sakuyendanso maulendo ataliatali, amangosuntha mathiraki m'bwalo momwemo. Anamulowetsa pakageti ka kuseri atamusenzetsa ndowa yawo ya madzi.

Anawapeza aChipewa masana, dzuwa likuswa mtengo, akuzungulira thiraki n'kumamenya tayala lililonse ndi chitsulo kuti amve mpweya. Koleji ankayembekezera chimunthu cha mimba ndi mawu okhuthala. Anapeza kamdala kowonda, magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Matukwana onse amene anawakonza m'njira anamuthawa. Anangonena kuti iye ndi mng'ono wa munthu wa galimoto yofiira.

AChipewa anaika chitsulo pansi pang'onopang'ono. Kenako anavula chipewa.

Anakhala pamatayala akale m'mthunzi wa thiraki. Koleji sanafune kupepesedwa. Anawauza mosazungulira kuti ananama kupolisi, kuti achimwene ake sakanadutsa atachenjezedwa, ndipo kunyumba kuli munthu amene akufa pang'onopang'ono chifukwa cha bodza lawolo.

Mdalayo sanakwiye. Anati galimoto yofiira ija anaiona pagalasi kuchokera kumlatho. Inkayenda bwino, yosathinana naye, yosasuzumirasuzumira ngati achinyamata a masiku ano, moti mumtima anati ameneyu ndi dalaivala. Atayamba kukwera mtunda, iye pokhala pamwamba anaona denga la basi likutulukira. Ndiye anachenjeza.

"Munachenjeza bwanji, madala? Munaliza hutala? Munatulutsa dzanja?"

"Ndi indiketa, mwana wanga. Ya kumanja. Monga timachitira tonse."

 Koleji anafunsa kuti indiketa ya kumanja imatanthauza chiyani. AChipewa anamuyang'ana modabwa, nati aliyense woyenda msewu waukulu kuno amadziwa: thiraki ikaphethira kumanja ndiye kuti khala pomwepo, kukubwera chinthu. Ikafuna kuti udutse imaphethira kumanzere.

"Koma chimene chimandisowetsa tulo si chimenecho," anatero, akupotokola chipewa m'manja. "Nditangoyatsa indiketa, abale anuwo anandiyatsira mahazadi. Anandithokoza. Ine ndinati basi wamva. Kenako ndinangoona akutuluka. Apolisi sindinawauze zimenezi, ndinaopa kuti aziti mdalayu wapenga. Munthu angathokoze bwanji chenjezo, n'kulowa pomwepo?"

 M'maganizo mwa Koleji munabwera chigongono pawindo, lole yokwawa, ndi mawu aja amene anawamvera ndi khutu limodzi. Kenako anawafotokozera aChipewa za dziko lija la ana a mayi mmodzi, komwe nyali yomweyo, mbali yomweyo, imati tuluka m'bale wanga, msewu wayera.

Mdalayo anaika chipewa pabondo. Anati zaka zonsezi iye sanawolokepo malire, amangodziwa msewu wa kuno. Anafunsa ngati ndiye kuti iye ndi amene anawaitana achimwenewo kuti atuluke. Koleji anabwera kudzamva mawu ngati amenewa, koma atawamva sanamukomere. Anawauza kuti ayi, iwo anachenjeza m'chinenero cha kwawo, achimwene anamva m'chinenero cha kumene anachokera. Anawasiya atakhala patayala, chipewa chili pabondo, dazi likuwala ndi thukuta.

Ulendo wobwerera anauyamba wapansi, kenako anapezeka akuthamanga. Mkwiyo unali usanathe, unangosowa mwini. Ankawakalipira achimwene mumtima: inu a mayiko onse, inu odziwa kuti ng'ombe imaopedwa kuti, munaiwala bwanji kuti mwafika kwanu? Munatiseka kuti timayendetsa ngati taiwala mphika pamoto, koma ife amphikafe tili moyo. Kenako mkwiyo unkasungunuka, n'kutsala chithunzi cha munthu akumwetulira kuseri kwa thiraki, akukhulupirira maso a mnzake amene sanamuonepo nkhope.

Anawapeza mlamu wake pomwe anawasiya, pabalaza lamdima, malaya abuluu ali pathebulo. Koleji anazimitsa simbi pakhoma. Anaiimika pakati pa thebulo nati iyi ndi thiraki. Anatenga sopo pawindo nati aka ndi kagalimoto kathu. Kapu inakhala basi. Anafotokoza zonse mwadongosolo, za kuno ndi za kunja, akutsegula ndi kutseka chikhatho m'malo mwa nyali. Sanawonjezere kanthu, sanachotse kanthu.

Mlamu anayang'anitsitsa sopo uja nthawi yaitali.

"Mwati anathokoza, alamu?"

"Anathokoza."

"Mukunena zoona? Musandinamize chifukwa chondimvera chisoni."

"Mdalayo ndiye wanena, osadziwa n'komwe tanthauzo lake. Mukafuna ndikuperekezani mukamve nokha."

Mlamu anakhala pansi, manja pamiyendo. Anati amuna awo ankawadziwa bwino: akakwiya ankauma ngati chitsa, sankathokoza ngakhale madzi osamba, ngakhale utawapatsira m'manja. Ngati anafika pothokoza munthu wachilendo pamsewu, ndiye kuti mkwiyo unali utatsikira kale panjira. Mwina anali akuimba nyimbo zawo zosalongosoka zija. Atanena zimenezi anaseka pang'ono, kuseka kuja kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, komwe Koleji anali asanakumvepo chichokere kumanda. Iye anangoima pambali atagwira kapu ija.

Mlamu atatonthola anapukuta nkhope ndi malaya abuluu omwewo, osasamala kuti akwinyika. Anamuuza kuti atsegule makatani, m'nyumba mukununkha nsalu yopserera. Kenako anafunsa ngati m'kabati mwatsala masamba a tiyi.

Masamba anali atatha, ndipo Koleji anatuluka kukagula. Miyendo inamupitiriza pagolosale n'kukamufikitsa pasiteji ya basi paja anatsikira tsiku lija. Magalimoto ankadutsa monga mwa masiku onse, mahutala, utsi, kondakitala akulendewera pachitseko. Patsogolo pang'ono thiraki ina inkakwera kamtunda, indiketa ya kumanja ikuphethira, ndipo kagalimoto koyera kanali kumbuyo kwake, kakudikira. Koleji anakweza dzanja, n'kulisiya m'mwamba mpaka onse awiri anakhota.

Achimwene anamwalira Lachitatu, pa 9 Juni.